Akodiyoni Yomangidwa ndi Chingwe

Eufemia Alaniz anaphunzira kutsokomola mobisa. Kukhosi kukangoyamba kumukanda, ankatsegula mpopi wa kukhitchini kuti madzi aphimbe phokoso, kapena ankatuluka kuseri ngati akukaanula zovala, n'kukatsokomolera m'thaulo. Sikuti ankadwala ayi. Chifuwa chachikulu chinamusiya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo madokotala a ku Harlingen anamuuza okha kuti mapapo ake anapola. Koma mwamuna wake Cipriano, amene anthu onse a m'tauni yawo ya Elsa ankangomuti Chano, akamva kachifuwa ngakhale kamodzi, ankasiya chilichonse chimene wagwira. Ankayang'ana mkazi wake kaye, kenako maso ankathawira kuchipinda, pamwamba pa kabati ya zovala, ngati munthu wofuna kuona ngati galu wolusa akadali pa unyolo.

Pamwamba pa kabatiyo panali bokosi lakuda lomangidwa ndi chingwe, mfundo zitatu. M'bokosimo munali akodiyoni.

Chaka chimene Eufemia, kapena kuti Fema, anagona m'chipatala miyezi isanu, Chano anayenda pansi kuchokera ku Elsa mpaka ku tchalitchi cha Amayi Maria ku San Juan. Analowa ndi maondo kuyambira pakhomo mpaka kuguwa, ndipo kumeneko anawinda kuti mkazi wake akachira, iye sadzaimbanso akodiyoni mpaka tsiku la imfa yake. Anapereka chimene ankachikonda koposa, chifukwa ankati Mulungu sapatsidwa nkhosa yotsimphina. Fema anachiradi. Atabwerera kunyumba anapeza bokosi lili pamwamba, nyumba ili zii.

Iye mwini palibe anamufunsa.

Kuyambira pamenepo Chano ankamusunga ngati dzira. Mphepo ya kumpoto ikawomba, Fema asatuluke. Akamatentha minda ya nzimbe, phulusa lakuda likugwa pabwalo, mawindo onse atsekedwe. Ku ukwati ankangopita ku Misa, ndipo anthu akamalowera kuholo yovinira iwo ankakhotera kwawo. Wailesi ya mu pikapu anaizula n'kuikamo chiguduli pabowo. Fema ankathokoza Mulungu m'mawa uliwonse chifukwa cha moyo, ndipo ankathokoza moona mtima. Koma masiku ena, atagwira kolona m'manja, ankakumbukira munthu uja wa m'malembo amene anawinda kuti adzapereka nsembe chilichonse choyamba kutuluka pakhomo pake, ndiye kunatuluka mwana wake wamkazi akuvina. Ankadzifunsa kuti kodi mtsikana ameneyo, pa miyezi imene anatsala nayo, ankatha kuyang'ana bambo ake m'maso?

Lachinayi lina mu Novembala, Fema akukanda ufa wa totiya, tibuledi tawo topyapyala, foni inalira. Anali Otilia, kapena kuti Tila, mkazi wa Nicanor Zepeda, kuchokera ku La Villa.

Nicanor ndiye ankaimba baho, gitala lalikulu la nsambo khumi ndi ziwiri, pambali pa Chano kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Analinso bambo wa ubatizo wa Idolina, mwana wa Chano ndi Fema amene anakwatiwa ku Houston. Chibatizireni mwanayo, amuna awiriwo anasiya kuitanana kuti iwe. Ubale wa ubatizowo unawasandutsa kompadre, akazi awo komadre, ndipo kompadre ndi inu, ngakhale pomutukwana.

"Komadre, adokotala atiuza kuti tingowatenga amuna anga," anatero Otilia. "Ali kunyumba kuno. Akuti ndi masiku, osati masabata."

"Ambuye Yesu tichitireni chisoni. Akudya?"

"Adye chiyani? Msuzi akana, phala akana. Pakamwa pokha ndiye sipanafooke. Bambo mfumu anabwera dzulo kudzawadzoza, iwo n'kuwauza kuti awonjezere mafuta m'mawondo, mukumalira pokwera masitepe." Otilia anaseka, kusekako n'kuthera m'mphuno. "Koma pali chinthu chimodzi, komadre, ndipo ndikuchita manyazi kuchinena. Akufuna amve akodiyoni ya kompadre. Ndinawaikira kaseti, akuti ndizimitse, akuti zimenezo ndi nyemba za m'chitini."

Fema anaika foni pansi, manja ali mbuu ndi ufa. Chano anali patebulo ndi khofi wake, ndipo anali atamva zonse, chifukwa Otilia sankadziwa kulankhula motsitsa.

"Tipita," anatero Chano. "Tidye, tinyamuke."

"Ndi bokosi lija?"

"Ndi manja athu."

"Chano, munthu akufa."

"Ndamva, mayi. Makutu ndili nawo."

"Bambo mfumu anakuuzani kale kawiri kuti akhoza kukumasulani. Anati mupereke china m'malo mwake, muzikonza mabenchi a m'tchalitchi, kaya chiyani."

"Sindinawinde kwa bambo mfumu ine." Chano anazunguza kapu patebulo. Zala zake zakumanja, monga mwa masiku onse, zinkadumphadumpha m'mbali mwa kapuyo pa mabatani amene panalibe. "Ndinapempha, ndinapatsidwa. Mukufuna ndikalande zimene ndinapereka? Ndikamasula chingwe chija, pamene wagona Nicanor mudzagonapo ndinu. Ndiye ine ndidzati chiyani? Kuti ndinkafuna kuimba nyimbo za gule wa polika?"

"Ndiye Mulungu mwamuyesa wogulitsa pamsika, woti mukabweza katundu nayenso abweza wanu?"

"Musalankhule choncho m'nyumba muno. Valani juzi, kunja kuli utsi."

Chano anatuluka kukathira madzi mu injini ya pikapu. Fema anaima pakhomo la kuchipinda, akuyang'ana bokosi lija.

Tsiku loyamba kumva Chano ndi Nicanor akuimba, Fema anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Banja lawo linali litakwera lole kupita kumpoto kukathyola thonje, ndipo Lamlungu masana, pabwalo lothiridwa madzi kuti fumbi ligone, anyamata awiri anakhala pa mabokosi a tomato n'kuyamba kuimba. Ena ankaimba polika mothamanga ngati akuthawa njuchi. Chano ankaigwira pang'ono, kuichedwetsa, kuti anthu amene akhala akukoka matumba sabata yonse avine osanyamula mapazi, angokhwekhwereza pansi atagwirana, kuzungulira bwalo lonse ngati madzi m'beseni. Baho ya Nicanor inkayenda pansi, nsambo yaikulu kenako zing'onozing'ono, yaikulu kenako zing'onozing'ono, ngati mapazi a munthu wodziwa njira. Akodiyoni inkazungulira pamwamba pake ngati namzeze. Batani limodzi lomwelo linkatulutsa mawu ena pokoka mvukuto, ena pokankha, motero nyimbo yonse inkamveka ngati chinthu chopuma. M'chipatala muja, pamene mpweya unkamuvuta, Fema ankatseka maso n'kumakumbukira zimenezo: kukoka, kukankha, kukoka, kukankha.

Ankakumbukiranso tsiku limene Chano anatsegula mbali yakumanzere ya akodiyoniyo, n'kuchotsamo timalilime tachitsulo tonse totulutsa mawu apansi, monga amachitira anzake onse oimba ndi baho. Anatiika m'chitini cha khofi n'kupatsa Nicanor. "Zapansi ndi zanu, kompadre," anatero. "Dzanja ili ntchito yake kukoka basi." Chichokereni tsiku limenelo akodiyoni ya Chano inali theka la chinthu, ndipo theka linalo linali ku La Villa. Chano atawinda, Nicanor anayesa kuimba ndi ena miyezi itatu, kenako anapachika baho pamsomali. Sanadandaulepo. Koma Fema ankadziwa kuti chingwe chija chinamanga anthu atatu.

Fema anakoka mpando, anachita chizindikiro cha mtanda, nakwera. Bokosi linali lolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo polipendeketsa anamva tinthu tikugubuduzika m'kati ngati timiyala m'chitini. Analikulunga mu bulangeti, natulukira khomo lakuseri pamene Chano analowa kukasamba m'manja. Analiika kumbuyo kwa pikapu, pakati pa tayala ndi thumba la malalanje.

Ku La Villa si kutali. Anadutsa pakati pa minda ya nzimbe mawindo ali chitsekere.

Otilia anali atatulutsa bedi n'kuliika pabalaza kuti mwamuna wake aziona msewu. Nicanor, munthu amene kale ankadzaza khomo, anali atatsala mafupa ndi ndevu. Patebulo pambali pake panali tambula ya madzi, kolona, ndi kandulo yaitali yachikasu, yosayatsa. Fema anaidziwa. Inali kandulo yodalitsidwa pa chikondwerero cha makandulo mu Febuluwale, imene nyumba iliyonse imasunga kuti iyatsidwe mphepo yamkuntho ikabwera, kapena igwiritsidwe m'dzanja la munthu pa ola lake lomaliza.

"Taonani amene wabwera," anatero Nicanor ndi mawu osasa. "Woyera Cipriano wa ku Elsa. Tila, bisa wailesi, angakomoke."

"Ndimayesa mwafa kale, kompadre," anayankha Chano akuvula chipewa. "Ndawononga mafuta."

"Ndimadikira inu. Ndimati ndione kaye nkhope yonyansa, kuti ndikakumana ndi satana ndisadzidzimuke." Anayang'ana m'manja mwa Chano, kenako kumbuyo kwake, kukhomo. Anaona kuti mulibe kanthu. Anatembenuzira nkhope kuwindo. "Khalani pansi. Kunja kukutentha?"

"Pang'ono."

"Eya. Pang'ono."

Otilia anapita kukateleka madzi a khofi. Pakhoma, pamwamba pa bedi, baho inali pamsomali wake, fumbi litapukutidwa bwino.

Fema anatuluka. Anabwera atakumbatira bulangeti lija, naliika pansi pakati pa chipinda, nalifunyulula.

Chano anaimirira. Nkhope yake inayera ngati ufa. "Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndanyamula katundu wa m'nyumba mwanga."

"Bwezerani m'galimoto."

"Munawinda ndinu. Ine sindinawinde." Anagwada n'kuyamba kulimbana ndi mfundo. Zinali zitauma, zitalumana ndi zaka, ndipo zikhadabo zake zinalephera. "Komadre, mpeni."

Otilia anayang'ana Chano, anayang'ana mwamuna wake, nabweretsa mpeni wosendera mbatata.

"Fema, ndikukupemphani," anatero Chano. "Ndi moyo wanu umenewo."

"Moyo wanga?" Fema anadzutsa mutu. "Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikutsokomolera m'thaulo kuseri kwa nyumba ngati wakuba. Pa ukwati wa mwana wanga ndinadya keke m'galimoto. Ndikayetsemula mumayang'ana pamwamba pa kabati. Chano, mumayesa munatsekera akodiyoni m'bokosi umu? Munatsekeramo ine. Ambuye anandidzutsa, inu n'kuiwala kundimasula nsalu za kumanda."

Anadula chingwe. Chinangoti phwa, n'kugwera pansi.

Akodiyoni inali yofiira monga kale, mabatani ake oyera atachita chikasu pamene zala zinkakhudza kwambiri. Fema anaiika pamiyendo, analowetsa dzanja m'lamba monga ankaonera, nakoka. Chimene chinatuluka sichinali nyimbo. Mvukuto unafwenthera, m'kati munachita gobedegobede, ndipo batani limene anadina linalira kamawu kowonda, kouma, ngati khomo losowa mafuta.

"Mayo ine," anabuula Nicanor. "Tila, yatsa kanduloyo, ndafa."

Fema anadinanso lina. Linangotulutsa mpweya.

"Musakoke choncho, mung'amba!" Chano anali atafika kale pambali pake. "Simukumva kuti m'kati mwagwa zinthu? Bweretsani kuno. Bweretsani!"

Anailanda. Anaima nayo m'manja, akupuma mofulumira, ngati munthu amene wanyamula mwana wa eni mosaganiza. Kenako anati, osayang'ana aliyense, "Kukonza si kuimba."

"Ndani wanena kuti ndi kuimba?" anatero Nicanor. "Inu ngakhale kale lomwe kunali kuimba kumene kuja?"

Chano anakhala patebulo la kukhitchini, pamene Nicanor ankatha kumuona. Anazula timisomali togwira mvukuto, natsegula. Timalilime tachitsulo tisanu ndi tinayi tinagwera patebulo. Phula limene linkatigwira pa matabwa ake linali litasungunuka ndi kutentha kwa pansi pa malata, chilimwe ndi chilimwe, kenako n'kuuma, n'kusweka.

"Pamwamba pa kabati," anatero Nicanor akupukusa mutu. "Munthu wa chigwa chino, wobadwira m'ng'anjo muno, kuika akodiyoni pafupi ndi denga. Mukanangoiika mu uvuni."

"Ndimati ikhale kutali ndi manja."

"Inakhaladi kutali."

Chano anatola kalilime kamodzi, nakayang'ana kuwala. "N'chifukwa chake imalira ngati khomo," anatero, ngati akudzilankhulira. "Batani lililonse lili ndi timalilime tiwiri toimba limodzi. Aka kagwa, katsala kamodzi."

"Kamodzi sikakwana?" anafunsa Otilia.

"Kamakwana kuitanira agalu," anayankha Nicanor. "Muuzeni, kompadre. Zaka makumi anayi ali nane sakudziwabe."

"Timakhala tiwiri, komadre, ndipo sitigwirizana kwenikweni. Kamodzi ndinakapala ndi tupa kuti kakwere pang'ono, pang'ono zedi, ngati tsitsi limodzi. Tikalira pamodzi timakhala ngati tikukankhana, ndiye mawu amanjenjemera. Kunjenjemera kumeneko ndi kumene kumakugwirani apa." Analoza pachifuwa. "Mukatilinganiza ndendende, mawu amauma. Mukatisiyanitsa kwambiri, ndi mkangano."

"Ngati ine ndi Tila," anatero Nicanor. "Tinangopalidwa pang'ono."

"Inu anakupalani kwambiri," anatero Otilia akupukuta m'maso ndi epuloni.

Chano anafunafuna m'thumba la bokosi, napeza tupa ndi kansalu, koma phula munalibe. "Pafunika phula la njuchi," anatero. "La makandulo a m'sitolo silimata, limasweka. Basi. Sizitheka lero." Ndipo Fema anamva m'mawu akewo zinthu ziwiri zikukankhana, mpumulo ndi chisoni.

Kenako Nicanor anatulutsa dzanja m'bulangeti, nalozera patebulo pambali pake.

"Iyo ndi ya njuchi."

"Ayi, Nicanor," anatero Otilia. "Imeneyo ndi ya ulendo wanu."

"Ulendo wake wautali bwanji? Dula pakati, mkazi. Theka likwana. Ndikaona kuti ikutha ndifulumira."

Otilia anaigwira kanduloyo nthawi yaitali. Anaipsompsona, naidula ndi mpeni womwe uja, napereka theka lakumunsi kwa Chano.

Chano anasungunulira phulalo mu supuni pa chitofu. Fungo la uchi linadzaza khitchini, fungo la m'tchalitchi pa Pasaka. Chano ankaika kalilime pamalo pake, n'kudontheza phula m'mbali mwake ndi nsonga ya mpeni, mosamala ngati wodzoza mwana. Pamene ankamaliza kachisanu ndi chinayi, dzuwa linali litapendeka, likulowera pawindo la kukhitchini. Anabwezera mvukuto, anakhomera timisomali.

"Muyese," anatero Nicanor. "Mmisiri wanji wopereka ntchito osayesa?"

Chano anadina batani limodzi n'kukoka. Mawu anatuluka athunthu, akunjenjemera pang'ono m'kati mwake. Anakankha, mawu anasintha. Anadina lachiwiri. Lachitatu. Anatsika mzere wonse, nakwera wina. Penapake pakati pa mzere wachiwiri zala zinasiya kuyesa. Zinagwira mabatani awiriawiri, mawu awiri oyenda limodzi, wina pamwamba wina pansi pang'ono, ngati alongo awiri oimba potsuka mbale. Inali mizere inayi yokha ya polika yakale imene iye ndi Nicanor anapeka pa lole. Pansi pake panalibe kanthu. Pamene pankayenera kugwa phazi panali dzenje.

"Tila," anatero Nicanor. "Nditsitsire."

Otilia anachotsa baho pamsomali, naigoneka pamimba pa mwamuna wake. Inali yaikulu kuposa iye. Dzanja lamanzere silikanatha kufika pakhosi pake, choncho anangosiya nsambo zili choncho, naika chala chachikulu pa nsambo yaikulu.

Chano anali ataima. Anazindikira chimene zala zake zachita. Anayang'ana Fema, ndipo m'maso mwake munali mantha omwe aja a m'khonde la chipatala.

Fema anamuyang'ana m'maso. Anakoka mpweya wambiri, chifuwa chonse, kuti aone, naubweza pang'onopang'ono.

"Ambuye, mukuona," anatero Chano motsitsa. "Ngati ndi tchimo, ndi langa. Musalembe pa iye." Anatseka maso, nakoka mvukuto.

Chala cha Nicanor chinagwa pa nsambo. Nsamboyo inali itaphwa, mawu ake sanali olondola, koma inagwa pa nthawi yake yeniyeni, m'dzenje muja, ndipo nyimbo inapeza poponda. Inagwanso. Chano anachedwetsa, kuchedwetsa kuposa kale lonse, kuti chala cha wodwala chizifika. Akodiyoni inkapita kutali, kukwera, kuzungulira, koma nthawi zonse inkabwerera kudzatera pamene chalacho chagunda.

"Mukuthamanga," ananong'ona Nicanor.

"Ndinu mukugona, kompadre."

Otilia anatambasula dzanja kwa Fema. Malo analipo ochepa, pakati pa bedi ndi khomo la kukhitchini, masitepe anayi kupita, anayi kubwera. Amayi awiriwo anagwirana, nayamba kukhwekhwereza masilipasi pansi, osanyamula mapazi. Fema anamva thukuta kumsana, mtima ukugunda, mpweya ukulowa ndi kutuluka wokha. Otilia ankalira paphewa pake koma mapazi ake sanaphonye.

Anaimba nyimbo zitatu. Yachitatu inali ya m'tchalitchi, ya ulendo wa kwawo kwa Atate, imene Chano anaiika m'mayendedwe omwewo a polika, ndipo pakati pake chala cha Nicanor chinaima. Onse anatembenuka. Anali atagona tulo, pakamwa pali pululu, dzanja lili pa nsambo, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

Pobwerera, bokosi linakhala pakati pawo pampando. Kumadzulo munda wina unali kuyaka, utsi utaima ngati chipilala, ndipo phulusa linkagwa pagalasi. Fema anatsitsa windo. Chano anatsegula pakamwa, natsekanso.

Utsi unamulowa kukhosi. Anafuna kuumeza monga mwa chizolowezi, koma anadziletsa. Anatsokomola poyera, kawiri, katatu.

Pikapu inapatuka n'kuima m'mbali mwa ngalande. Chano anagwira chiwongolero ndi manja onse, zala zitayera.

"Wayamba," anatero.

"Ndi utsi, Chano."

"Mukudziwa bwanji?"

"Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Tsiku lina ndidzadwala ndithu, ndipo ndidzafa, ngati Nicanor, amene sanamuwindire munthu. Tsiku limenelo musadzati ndi lero."

Chano anakhala choncho mpaka lole ya nzimbe inawadutsa, kenako analiza injini.

Nicanor anamwalira Loweruka m'mawa, theka la kandulo lili m'dzanja lake, ndipo Otilia anati linatsalako kachidutswa. Lolemba lake, atabwera kumanda, Chano anapita yekha ku San Juan. Anabwerako mawondo a thalauza atada. Sananene zimene anakambirana ndi bambo mfumu, koma Lachitatu anatenga hamala ndi misomali kupita kutchalitchi cha ku Elsa, kumene mabenchi akumbuyo ankagwedera.

Akodiyoni sanaibwezere pamwamba. Anaiika pansi pa bedi, pozizira. Masiku ena masana ankaitulutsa, n'kuimba mizere ingapo, n'kusiya pamene pankayenera kugwa nsambo ya Nicanor. Chitini cha khofi chija Otilia anachibweretsa, timalilime ta mawu apansi tili momwemo, koma Chano anangochiika pawindo osachitsegula.

Mantha sanamuchoke. Fema akatsokomola kukhitchini, mpopi uli chitsekere, ankamvabe mpando wa mwamuna wake ukukhwekhwereza, ndipo ankadziwa kuti maso ake apita pamwamba pa kabati, pamene panalibenso kanthu.

"Mayi?"

"Ndi tsabola, Chano. Ndikukazinga tsabola."

Pankapita kanthawi. Kenako mpando unkabwerera pamalo pake.